Kamera ya Eni Ake

Mfuwe, 11 Juni 2023

Amake Vivian,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndinafika bwino kuno ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, ndipo thupi lilibe vuto, kupatula khosi limene akashembe, ntchentche zoluma za kuno, aligawana.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni kuno imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa galaja, ndipo pachulupo sipasowa anthu, aliyense khutu lina pafoni yake, linalo pa nkhani za mnzake. Za m'nyumba mwanga sindinganenere pamenepo. Makalata azibwera ndi a Silas, dalaivala wa lole ya kampu amene amakagula zakudya ku Chipata, ndipo iwo azipatsira kondakitala wa basi ya ku Katete. Yankho lanu lizidzera njira yomweyo.

Ntchito ndayamba. Kampu ili m'mphepete mwa Luangwa, alendo amatera pa ndege kudzaona nyama, ine ndimakwera nawo galimoto m'mawa ndi madzulo n'kumajambula, kuti pochoka azigula zithunzizo. Manijala wathu, Madamu Chisha, ndi mayi wa ku Kitwe wosazungulira polankhula. Anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti kampu imatseka mu Novembala mvula ikayamba, ndipo ndi pamene adzaone ngati ndibwerenso chaka chamawa. Zithunzi zikapanda kugulika, kamera adzaipereka kwa Lemmy, gaidi woyendetsa galimoto yathu, amene akuti amajambulako. Inu mukudziwa mmene mafoni anatiphera situdiyo. Ntchito iyi ikandipulumuka sindikudziwa kumene ndingalowere.

Koma kamera yake, amake Vivian! Ndinkayesa kamera ili ngati njinga, ukadziwa imodzi wadziwa zonse. Yathu ija paja anaikana kuti siifika patali, ndiye andipatsa yawo, ya kampani ina. Amene anaipanga ndiyesa anayamba afunsa kuti Yotam amagwira bwanji, kenako n'kutembenuza zonse. Lenzi yathu timamangira kumanzere, iyi kumanja. Ndinalimbana nayo mpaka thukuta, Madamu ali chiimire, ndipo anangondikumbutsa kuti lenziyo ndi yodula kuposa malipiro anga a chaka chonse. Mphete yokokera chinthu pafupi nayonso imazungulira chobwerera. Dzulo mkango unadzuka n'kuyasamula pafupi pomwepa, dzanja langa linapotoza mmene lapotozera zaka makumi awiri, mkango uja n'kupita kutali, kusanduka kamphaka pakati pa udzu. Pamene ndimabweza n'kuti utagonanso. Lemmy anatsokomola.

Soya musagulitse kaye, mtengo umene mavenda akutchula ndi chipongwe. Mlongo wanu Steward akabwera kudzabwereka kamera yathu, mumuuze kuti kiyi wa bokosi ndinapita naye. Chipinda cha situdiyo tiyeni tisungebe, lendi nditumiza pafoni.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian

Mfuwe, 2 Julaye

Amake Vivian,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kuti chifuwa cha Bwezani chatha. Ine ndili bwino. M'mawa kuno kumazizira kuposa mmene anthu amanenera za Malambo, moti jekete lija munandikakamiza landithandiza, ndavomera.

Mwalemba kuti safunsa anadya phula, ndikafunse Lemmy. Kunena n'kosavuta muli ku Katete. Munthu akudikira mpando wanga, ine ndikamufunse kakhalidwe kake pampandopo? Buku la kamerayi lili pa intaneti, Chingerezi chokhachokha, masamba ake Baibulo kuchepa, ndipo kuti ndiliwerenge ndiyenera kuima pachulu paja dzuwa lili pamutu.

Kamerayi silira. Yathu ukadina imati khatya, umadziwa kuti wajambula. Iyi ndi duu, akuti kuti nyama zisadzidzimuke. Sabata yoyamba ndinkayesa kuti yakana, ndiye ndinkangokanikiza batani osachotsa chala, osadziwa kuti mkatimo ikuthamanga ngati makina osokera. Pofika pamene njovu zimaoloka mtsinje, khadi yosungira zithunzi inali itadzaza kale ndi udzu ndi msana wa Lemmy. Pamalo pamene yathu ili ndi batani lowonjezera kuwala, apa anaikapo la vidiyo, moti ndili ndi kanema wautali wa nsapato zanga.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti ndimaloza nyama, koma chotuluka bwino pachithunzi ndi nthambi ya pakona. Ndinayamba kukayika maso anga, ndipo ndinachita mantha, sindibisa. Kenako ndazindikira kuti ndi mphuno. Galasi la kumbuyo kwa kamera limamva kukhudza ngati foni, ndiye ndikaika diso, mphuno imagunda galasilo n'kuiuza kamera poyang'ana. Mphuno ya kwa amayi anga iyi, imene inu mumaiseka, tsopano ikufuna kundichotsa ntchito.

Lachisanu Madamu anatsegula zithunzi pa laputopu, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ba Yotam, mtengo waoneka mushe. Manje nyama ili kuti?" Chifikire palibe mlendo amene wagula ngakhale chimodzi.

Zinthu kuno n'zodula, ndalama ya sopo mmodzi kumsika wa kuno wa Cropping, kwathu mugula awiri. Poyankha muikemo mtedza wokazinga ndi sopo wochapira. Mbuzi yaikazi ija musalole kuti Steward aitenge kuti akatisungire, zimene amasunga iye sizibwerera.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian

Mfuwe, 30 Julaye

Amake Vivian,

Pepani kuti ndakhala chete. Sindikudwala, ndipo mtedza unafika. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino.

Masiku ano ndikupezeka kwambiri pakampu, kutchire sindikupita. Musadandaule, malipiro sanadule. Zinangochitika zina pa ulendo wa pansi. Kuno alendo ena amakonda kuyenda pansi m'tchire, gaidi ndi sikauti wa mfuti ali patsogolo, ndipo lamulo lalikulu ndi kutseka pakamwa. Sikauti wathu ndi a Meshack, wa mtundu wa Akunda a konkuno, munthu wofatsa amene timagawana ndiwo. Tsiku limenelo tinapeza nyalugwe atagona pa nthambi ya mvunguti, nkhope ataloza kwina. Kwa nthawi yoyamba kamera inali itandimvera, kuwala kuli bwino, mphuno ndaipinda kumbali. Chinatsala ndi nkhope basi. Amake Vivian, inu mukudziwa zimene ndimachita mwana akayang'ana kumbali pa ubatizo. Sindinaganize n'komwe. Zala zinangolira zokha, ndi kamluzu pamwamba.

Nyalugwe anayang'anadi. Zotsatira zake ndidzakuuzani pamaso. Dziwani chabe kuti palibe anavulala, kuti mfuti ya a Meshack inafika paphewa, ndi kuti mayi wina wachizungu anakhala pansi pa minga. Chithunzi sindinajambule, chala chinapita pa batani la vidiyo. Pobwerera a Meshack sanandikalipire. Anangoti, "A Yotam, kuno si ku ubatizo." Bola akanandikalipira, manyazi akanachepa.

Ndiye Madamu anati ndiyambe ndaphunzira kamera pakampu. Lemmy akuyenda nayo kutchire, ine ndimaigwira masana alendo akagona. Makasitomala anga tsopano ndi njiri. Pali banja la njiri limene limadya kapinga wa kutsogolo kwa kampu, ndipo podya zimagwada ngati amayi a Chigwirizano pa pemphero. Zimenezo ndizo ndikuzijambula tsiku ndi tsiku, ine munthu amene ndajambula maukwati kuyambira ku Sinda mpaka ku Chadiza. Ubwino wake ndi umodzi, sizifunsa ngati nsapato zatuluka pachithunzi monga amachitira anthu akwathu.

Za soya mwachita bwino kugulitsa theka, wotsalayo adikire. Vivian muzimuyang'anira, mayeso ayandikira, asamakhale kumsika mpaka dzuwa kulowa. Nkhani ya nyalugweyi isatuluke m'nyumba, makamaka isafike kwa Steward.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian

Mfuwe, 27 Ogasiti

Amake Vivian,

Muli bwanji nonse? Ine ndadzuka bwino, koma dzulo mtima wonse unali ku Mkaika. Chiyambire ntchito yojambula, aka n'koyamba mwambo wa Kulamba kundipita. Wojambula amene anapachika nsalu yake pansi pa mtengo wanga uja ndikumufunira zabwino, ngakhale si ndi mtima wonse.

Nkhani yabwino ndi yakuti ndabwerera kutchire. Masana ena ndikulimbana ndi njiri zanga ndinasochera m'kati mwa menyu ya kamera, n'kutulukira pamalo pamene sindinafikepo. Panali tizithunzi titatu, mutu wa munthu, mutu wa mphaka ndi mbalame, ndipo chosankhidwa chinali cha munthu. Ndinadina pa mphaka kungoyesa. Nditaloza njiri, kabokosi kobiriwira kanalumphira pa diso lake. Njiri ikayenda kabokosi kali pomwepo, ikazimirira kuseri kwa mpando n'kutulukira kwina kabokosi kaipeza. Ndinakhala pansi pa kapinga pomwepo. Miyezi yonseyi kamera imafunafuna munthu m'tchire, ndiye chifukwa chake makutu a Lemmy ankatuluka bwino chonchija.

Nditamuuza Lemmy anangoseka, n'kunena kuti ankayesa katswiri wa ku Katete akudziwa kale. Tsono ine ndikufunsa, ngati iye kutchire amajambula ili pa mphaka, amaibwezera pa munthu ndani masana aliwonse isanafike m'manja mwanga? Sindinena zambiri, timadyera limodzi.

Kunena zoona zinandipweteka. Zaka zonsezi ndaphunzitsa diso ndi dzanja kugwira chinthu chikuyenda, lero kabokosi kakuchita zomwezo kosatuluka thukuta. Koma zithunzi zayamba kugulika. Bambo wina wa ku Holland anatenga cha njovu ndi mwana wake, ndipo anandigwira chanza kawiri. Madamu anandifunsa ngati ndamwa tiyi, chinthu chimene sanafunsepo.

Ndapezanso batani lochotsera manambala ndi timizere tonse timene tinkadzaza m'diso la kamera ngati khoma la pa siteshoni ya basi. Ndafufuta zonse, ndi kabokosi kobiriwira komwe. Kazigwira ntchito yake kosaonekera, ine ndikufuna kuona chimene ndikujambula.

Ndatumiza ya fetereza, mugule tsopano mtengo usanakwere, musadikire Okutobala. Vivian akuti akufuna foni. Mumuuze kuti ayambe wakhoza mayeso, komanso akumbuke chimene chinachotsa bambo ake pakhomo.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian

Mfuwe, 24 Seputembala

Amake Vivian,

Ndalandira yanu, zikomo kuti fetereza ali m'nyumba. Ine ndili bwino kwambiri, ngakhale kutentha kwayamba.

Mukanakhala pafupi mukanaona chimene chapachikidwa pakhoma la malo odyera alendo. Nyalugwe yemwe uja wa pa mvunguti, akutsika ndi nswala kukamwa, ndevu iliyonse ikuwerengeka. Ulendo uno pakamwa ndinatseka, ndipo a Meshack anandiyamikira pa kutsekako kuposa pa chithunzi. Dzanja tsopano likupotoza mphete kolondola lokha. Kamerayi ndi yamwano, koma tayamba kumvana.

Tsono imvani izi. Mng'ono wake wa Madamu, dzina lake Lillian, akukwatiwa pa 14 Okutobala, ndipo ukwati uchitikira pakampu pompano, pa kapinga wa m'mphepete mwa mtsinje. Abale abwera kuchokera ku Lusaka ndi ku Kitwe. Madamu amafuna kuitanitsa wojambula wa ku Lusaka pa ndege, ine ndinapita ku ofesi n'kuwauza kuti asataye ndalama. Ndinati nyama ndaphunzira chaka chino, koma ukwati ndinabadwira momwemo. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndikutsimikiza, chifukwa Lillian anamulera okha amayi awo ali kuntchito. Ndinati asade nkhawa.

Ndapemphanso chinthu chimodzi, ndipo avomera. Mwambo ukamayamba mafoni onse asonkhanitsidwe m'dengu. Ndatopa ndi maukwati amene mkwatibwi saoneka chifukwa cha mikono ya anthu ili m'mwamba. Mafoni anandilanda situdiyo, koma pa ukwati uwu sadzandiima kutsogolo.

Ukwati umenewu ukangodutsa, za chaka chamawa ndiye zatheka. Choncho kiyi wa situdiyo mubweze kwa eni nyumba mwezi uno ukatha, mapanga awiri avumbwitsa. Benchi ndi nsalu ija yojambulirapo anthu, ya chithunzi cha nyumba yosanja, mupite nazo kunyumba. Munditumizire malaya oyera a manja aatali ndi tayi yofiira, muwasite ndi kukulunga m'pepala, a Silas amaika katundu pamodzi ndi anyezi.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian

Mfuwe, 17 Okutobala

Amake Vivian,

Ndili moyo. Kuno kukutentha koopsa, madzi a m'botolo amasanduka tiyi, ndipo mutu ukundiwawa, koma si malungo.

Malaya anafika bwino. Ukwati unachitika, anthu anadya, anavina, anapita. Zithunzi zilipo.

Ngati kiyi wa situdiyo simunabweze, mugwirebe. Ngati munabweza kale, mupite mukafunse ngati chipindacho sanapatse wina. Benchi musagulitse, ngakhale Steward atchule mtengo wotani. Fetereza musatsegule matumba onse, mwina tingadzafune kugulitsako.

Musandiimbire, pachulu sindikupitako masiku ano. Vivian mumuuze kuti ndikumupempherera pa mayeso.

Ndine,
Yotam

Mfuwe, 12 Novembala

Amake Vivian,

Makalata anu onse awiri ndinalandira, ndipo mwanena zoona kuti kukhala chete kwanga kwakudwalitsani kuposa nkhani yoipa. Ndili bwino m'thupi. Mvula yoyamba yagwa kuno, akashembe achuluka. Ndamva kuti chipinda chinapita kale kwa wokonza mafoni. Musadziimbe mlandu, munachita zimene ndinakuuzani.

Zinayenda chonchi. M'mawa wa tsiku la ukwati ndinapita kutchire ndi abale a mkwati kukawaonetsa mikango, kamera ili pa mphaka monga masiku onse. Madzulo ndinavala tayi. Amake Vivian, ndinali Yotam wakale uja. Ndinaimika anthu, ndinakonza kolala ya mkwati, ndinasuntha abusa kuti dzuwa lisawaombe kumaso, mafoni onse ali phee m'dengu. Mtima unali mbee, ndipo za mphaka sizinandidutse m'mutu.

Mu Okutobala udzu wobiriwira kuno umapezeka pa kapinga wa kampu pokha, chifukwa amathirira. Abusa atangotsegula buku, njiri zanga zija zinatulukira, banja lonse, n'kudzagwada kumbuyo kwa akwati. Anthu anaseka, antchito anafuna kuzipirikitsa, Madamu anati zisiyeni, alendo a ku Lusaka akondwa nazo. Ine ndinkangoyang'ana nkhope ya Lillian, thukuta likulowa m'maso. Kabokosi kobiriwira paja ndinakazimitsa ndekha, ndiye panalibe chondiuza kumene kamera yaika mtima. Kumbuyo kwa kamera sindinayang'aneko, chifukwa ndakhala ndikuseka anyamata amene amati akajambula kamodzi n'kuwerama kuona ngati zatuluka.

M'mawa mwake tinatsegula laputopu, Madamu, Lillian ndi amayi awo ali pambali panga. Zithunzi za polowa zinali zabwino, amayi aja mpaka analulutira. Kuyambira pa malumbiro, akwati anasanduka utsi. Povekana mphete, utsi. Pamene mayi amakumbatira mwana wawo akulira, utsi. Kumbuyo kwawo njiri ili ngwee, tsitsi lililonse, ndi ntchentche ya pakona pa diso yomwe. Lillian sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Palibe china?" Ndinati palibe. Anafunsa ngati pali amene anajambula ndi foni, kenako anakumbukira dengu, n'kutuluka panja.

Ndayesetsa kupeza woti ndimunamizire. Lemmy kamera sanaikhudze tsiku limenelo. Kamerayo ndaitukwana chifikire, koma apa inachita ndendende zimene ndinaiuza. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ng'oma yake ndinaimba ndine, mu ofesi muja.

Madamu anatha pafupifupi mwezi akundidutsa ngati mtengo. Ndinalongedza kale chikwama. Dzulo anandiitana, ndipo sanandiuze kuti ndikhale pansi. Anati zithunzi zanga za nyama zagulika kuposa mmene eni kampu amayembekezera, ndipo iwo sangataye ndalama chifukwa cha mtima wawo. Kenako anati, "Ba Yotam, muzabwela mu May. Koma nyama chabe. Bantu, Lemmy azajambula." Ndinati zikomo, ndipo ndinathokozadi, chifukwa Vivian ndi Bwezani sukulu ipitirira. Koma nditatuluka ndinakakhala kuseri kwa galaja nthawi yaitali. Zaka makumi awiri za maukwati ndi maubatizo, lero andiletsa kuloza kamera pa munthu, ndipo sindingawatsutse.

Kampu itseka Lachisanu, ndifika Loweruka ndi basi ya masana. Kiyi wa bokosi ali pamwamba pa kabati, mutulutse kamera yathu, batire mulitchaje. Nsalu mupachike pakhonde, benchi muike patsogolo pake. Ndikafika musathamangire kukhitchini. Muvale chitenje chimene mukufuna, mukhale pabenchipo, mundilole ndijambuleko nkhope ya munthu.

Ndine wanu,
Atate ake Vivian